Mutu wa ng'ona wa sewero: umbani pa dongo, osati pa mwana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Bangula. Ana awo akukonza sewero lochenjeza anzawo za kusamba mu Shire, ndiye akufuna mitu inayi ya ng'ona yoti azivala. Anafunsa kuti: "Kodi ndingamate Plaster of Paris pamutu pa mwana kuti chikombole chake chimukwane bwino?"

Aphunzitsi, chonde musatero. Pulasitalayu, ufa woyera womwe achipatala amamangira chikhakha, amatentha akamagwirana, ndipo akachindikala amawotcha khungu. Amakakamiranso tsitsi ndi nsidze. Achipatala pomanga chikhakha amayamba ayala thonje, komanso ntchitoyo anachita kuiphunzira. Mwanayo mungomuyeza ndi chingwe kuzungulira mutu podzera pachipumi, muwonjezerepo masentimita 3, azipita kokasewera.

Pezani mtsuko kapena mpira wofanana ndi muyesowo, muumbirepo ng'ona yanu ndi dongo. Amayi oumba mbiya ndiwo akudziwa pokumba dongo losang'ambika, afunseni. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, mu Okutobala kumapyola madigiri 40, choncho dongo likakhala pamtetete limang'aluka dzuwa lisanapendeke. Gwirirani ntchito pamthunzi, mukamapuma mufunditse nsalu yonyowa ndi pepala la pulasitiki.

Poumbapo, kumbukirani ng'ona yomwe ana athu amaiona. Maso ndi mphuno zimatumphuka pamwamba, ndipo dzino lachinayi la m'munsi limaonekera ngakhale itatseka pakamwa. Mwana wa m'mbali mwa Dambo la Ndindi akaona dzino limenelo sadzafunsanso kuti ndi chilombo chanji. Mlomo usapitirire masentimita 40, ukatalika kwambiri umakokera mutu kutsogolo, khosi la mwana n'kumapweteka.

Mukanafuna mutu umodzi, ndikanati matani mapepala padongopo basi. Koma inayi, chikombole chikuthandizani, monga momwe chikombole chimodzi chimatulutsira njerwa za nyumba yonse. Chipangeni cha mbali ziwiri. Zikani timalata todula ku zitini pamzere wapakati, kuyambira kumphuno mpaka kunkhongo, kenako pakani Vaseline paliponse. Thirani pulasitala m'madzi, osati madzi mu pulasitala, mpaka aoneke ngati phala lolimbirako. Matani mbali imodzi, muikemo zidutswa za chiguduli kuti isasweke, ikagwira muchite inayo. Mano musaumbiretu, chifukwa chilichonse chokolowekeka chimakanirira m'chikombole. Ine ndinaswapo chikombole chomwe ndinavutika nacho masiku atatu chifukwa cha mano, mpaka lero zimandiwawa. Mudzawasema padera ndi mapesi a mapira.

Chikombole chikauma gwa, chichotseni padongo, pakaninso Vaseline m'kati, muyambe kuyala mapepala onyika m'phala la ufa wa chinangwa lothira mchere pang'ono kuti lisachite chuku. Mapepala ang'ambeni ndi manja, musadule ndi sizasi, kuti m'mphepete muzilowana bwino. Nyuzipepala iyambe chifukwa imalowa m'makwinya onse, a matumba a simenti abwere pambuyo, ndiwo mafupa ake. Yalani kasanu ndi kamodzi, koma mukayala kawiri muzidikira ziume. Mbali ziwirizo mudzazilumikiza ndi mapepala omwewo.

Tsopano chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri. Mwana wotsekeredwa m'chigoba masana a ku Nsanje akhoza kukomoka sewero lili m'kati. Mutuwo ukhale ngati chipewa, nkhope izionekera pansi pa chibwano cha ng'ona. Ngati mukufuna kuibisa, tchingani ndi kachidutswa ka neti yakale yochapa bwino. Boolani mabowo kuseri kwa maso kuti mpweya uzituluka, m'kati muikemo siponji ya matiresi, lamba wake akhale wa nsalu. Pakani penti yamadzi, vanishi kunja kokha, ndipo papite masiku angapo fungo lithe mwana asanavale.

Ndinenenso ichi, poti kwathu kuno kwa Amang'anja nkhaniyi ndi yaulemu: zomwe ndafotokozazi ndi za sewero la kusukulu. Za kudambwe zili ndi eni ake, musatengere maonekedwe ake.

Sewero likatha, mitu ija muipachike kudenga ndi waya, chifukwa mbewa, mphemvu ndi chiswe zimalikonda phala la chinangwa. Chikombole chokha muchisunge pamalo okwera pomwe madzi osefukira safika, chidzakutulutsirani ng'ona zina chaka chamawa. Ana akadzavala, mudzanditumizireko chithunzi, aphunzitsi.