Galasi la tempered silidulidwa

Achimwene, galasi la chitseko chanulo ndi la tempered, kutanthauza galasi lolimbitsidwa politenthetsa n'kuliziziritsa msanga, choncho musalidule kuti likwane pa felemu. Chodulira chikangolowa mkati, lonse liphwanyika n'kusanduka tizidutswa ting'onoting'ono.

Kufakitale amayamba adula galasi wamba pa muyeso wake, kuboola mabowo ndi kusalaza m'mbali. Kenako amalilowetsa m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 620 a Celsius, n'kulipemerera mpweya wozizira mwamphamvu mbali zonse ziwiri. Kunja kumalimba msanga, pomwe mkati mumazizira mochedwa n'kumakoka kunjako. Kukokanaku ndi kumene kumalilimbitsa pafupifupi kanayi kuposa galasi wamba. Mukalidula kapena kuliboola, mphamvu yonseyo imamasuka nthawi imodzi.

Ponyamula samalani m'mbali ndi m'makona, chifukwa ndimo mofooka. Itanani katswiri wa magalasi adzayeze felemuyo bwinobwino, malo a mahinji omwe, ndiye muitanitse lina.