Yankho kwa achimwene ofuna kuwedza mu mtsinje wa St. Joseph

Achimwene, mwati mwangofika kumene ku South Bend, mzinda wa ku Indiana kuno ku America, ndipo mumaona anthu atakhala ndi mbedza m'mbali mwa mtsinje wa St. Joseph, ndiye mukufunsa kuti muli nsomba zanji, amazigwira bwanji, nanga n'zodyedwa? Nsomba zilimo, ndipo munthu amene anawedzapo ku Shire sangavutike nazo. Koma musanagule ndodo, gulani kaye laisensi ya DNR, nthambi ya boma la Indiana yoona zachilengedwe. Ku Indiana aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo amafunika kukhala nayo. Imagulidwa pa intaneti kapena m'masitolo a zowedzera, ndipo ya pachaka imatha pa 31 Malichi. Mtsinjewu ukatuluka mumzinda umaloza kumpoto n'kulowa ku Michigan cha ku Niles, ndipo kumeneko laisensi ya Indiana sigwira ntchito. Zokoka khoka kapena kuthira mankhwala m'madzi, kuno ndi mlandu.

Yambani ndi tinsomba tating'ono, bluegill ndi rock bass. Bluegill ndi yakamwa kakang'ono, choncho mbedza ikhale ya nambala 8 kapena 10, nyambo ikhale kachidutswa ka nyongolotsi, osati yathunthu, apo ayi azingokudyerani. Mangani kachoyandama pachingwe n'kuponya pomwe madzi adekha, pafupi ndi mtengo wogwera m'madzi kapena udzu. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala simungabwerere chimanjamanja.

Bass ya mumtsinjewu makamaka ndi smallmouth, ndipo imeneyi imafuna kuti muziyenda, osati kukhala pamodzi tsiku lonse. Imabisala kuseri kwa miyala, pomwe madzi othamanga akumana ndi odekha, kudikirira kuti mtsinje uibweretsere chakudya. Imakonda tinkhanu ta crayfish, n'chifukwa chake nyambo zapulasitiki zofiirira zimagwira bwino. Ponyani chakumtunda, nyambo izibwera ndi madzi ikugunda pansi. Kunsi kwa damu la Twin Branch ku Mishawaka anthu amapitako pa chifukwa chomwechi. Lamulo limalola bass 5 patsiku, ndipo pali lamulo linanso la utali wake, ndiye tengani tepi yoyezera ndi kabuku ka DNR ka chaka chimenecho. Ine ndimati zibwezeni m'madzi. Nsomba imeneyi imakula pang'onopang'ono, yaikulu imodzi yatenga zaka zambiri.

Tsono pa catfish ndi pomwe ndikufuna timvane bwino, chifukwa ife tikangoona ndevu timati mlamba basi. Channel catfish si mlamba. Mlamba umapirira m'matope poti umapuma mpweya wapamwamba, pomwe iyi imakonda madzi oyenda, m'maenje akuya pomwe mtsinje wakhota. Imasaka ndi fungo, makamaka chakumadzulo ndi usiku. Ikani chiwindi cha nkhuku kapena nyongolotsi zikuluzikulu, mangani mtovu kuti nyambo ikhale pansi, n'kudikira. Chiwindi chimathothoka msanga poponya, choncho chikulungeni ndi kaulusi. Mukaivuula samalani: ili ndi minga itatu, pamsana ndi m'mbali, yobaya ngati ya nkholokolo, ndipo zing'onozing'ono ndizo zimabaya kwambiri. Igwireni zala zili kuseri kwa mingayo.

Za kudya, chonde musazitenge mopepuka. Mtsinjewu wadutsa m'mizinda ya mafakitale kwa zaka zambiri, ndipo m'matope ake munatsala mankhwala otchedwa PCB. America inaletsa kuwapanga mu 1979, koma saola msanga. Amalowa m'tizilombo ta pansi, nsomba n'kudya tizilomboto, iwo n'kumaunjikana m'mafuta a nsombayo. Ndiye catfish yaikulu yonona, yomwe kwathu tikanaiimbira nthungululu, ndi imene ili nawo ambiri. Saoneka, samveka pakamwa, ndipo kuphika sikuwapha. Zimandidetsa nkhawa ndikaona anzathu akudzaza firiji ndi zimphona zimenezi n'kumapatsa ana mlungu uliwonse. Unduna wa zaumoyo wa Indiana umatulutsa mndandanda wa mitsinje, wonena mtundu wa nsomba, utali wake ndi kangati munthu angadye. Fufuzani gawo la St. Joseph County. Kwa amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana malire ake ndi okhwima kuposa a ife abambo.

Pa ndiwo za kunyumba sankhani bluegill ndi catfish zocheperako. Catfish muisende khungu, muchotse mafuta a kumimba ndi nyama yoderako ya m'mbali. Ndikudziwa kuti mutu ndi msuzi wa mafuta ndiye pamtima pathu, koma za mumtsinje uno mutuwo tayani, nsombayo muiotche pawaya mafuta azidontha. Kutero kumachepetsa PCB, koma poizoni wina wotchedwa mercury ali mu mnofu weniweniwo ndipo sachoka, choncho chiwerengero cha pa mndandanda uja muchitsatirebe.