Yambani ndi zithunzi za Santu Mofokeng

Achimwene, mwafunsa kuti mungaphunzire kwa ndani kujambula moyo wa anthu kuno ku Joni. Ine amene anandigwira mtima ndi Santu Mofokeng. Mu 1986 ankajambula anthu akupemphera m'sitima ya pakati pa Soweto ndi Johannesburg: amayi atatsinzina, ena akuimba ali chiimire, mothithikana, popita kuntchito. Iyenso ankakwera sitima yomweyo, n'chifukwa chake anthuwo saoneka omangika.

Mukapeza mpata pitani ku Market Photo Workshop ku Newtown, sukulu imene wojambula zithunzi David Goldblatt anayambitsa mu 1989, mukaone zithunzi. Kenako mupite pa Park Station pomwe anzathu amamanga katundu wopita kumudzi. Koma muzipempha kaye musanajambule, chifukwa ena mapepala alibe.