Za fani yachitsulo ndi huva zimene mwapeza pa boma

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati kwa wogulitsa katundu wakale pa Mchinji boma mwapeza fani yachitsulo ya patebulo imene ikungoti "mmmm" osazungulira, komanso huva imene ikulira koma sikukoka fumbi bwino, ndiye mukufuna kudziwa ngati n'zoyenera kugula. Ena muno akuyankhani kale kuti zakale n'zakufa. Ine ndimakonza mawailesi ndi mafani kuno kwa Kamwendo, ndipo mafani amene amandivuta kwambiri ndi atsopano apulasitiki, osati akalewa.

Musanatulutse ndalama, tembenuzani chinthucho muwerenge kachitsulo kapena kapepala kamene kamamatidwa kunsi. Magetsi a ESCOM ndi 230V pa 50Hz. Mukaona 220-240V, palibe vuto. Katundu wa ku UK, South Africa ndi India amakhala wotero, ndipo wa ku Chipata wodzera pa Mwami nayenso ndi chimodzimodzi chifukwa magetsi a ku Zambia ndi ofanana ndi athu. Koma mukaona 100V, ameneyo ndi wa ku Japan, ndipo 110V kapena 120V kawirikawiri ndi wa ku America. Pulagi isakupusitseni. Ogulitsa ena amadula pulagi yoyamba n'kuikapo yathu ya mano atatu, chinthu n'kumaoneka ngati chakonkuno.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera ndekha. Ndinagula fani ina yokongola ya mapiko abuluu, wogulitsa ataiyatsa kamphindi kochepa n'kuizimitsa msanga. Nditafika nayo pashopu ndinaiika pasoketi, ndipo inathamanga ngati ikufuna kuuluka, mapepala onse patebulo n'kumwazika. Ine kumwetulira kuti ndatola. Sipanapite nthawi, kautsi tolotolo kumbuyo kwa mota, fungo la vanishi wopsa m'shopu monse. Kuitembenuza, 100V, zilembo zazikulu bwino. Nditabwerera kwa mwini wake anangoti, "Bwana, si munaiona nokha ikuzungulira?" Ndinalibe poyankha. Thiransifoma yotsitsa mphamvu ilipo, ndipo pa fani ya 50W yaing'ono imakwana, koma ya huva imafunika yaikulu, yolemera, mtengo wake kuposa huvayo.

Tsono ngati fani yanuyo ndi ya magetsi athu, kulira kwakeko ndi nkhani yabwino, chifukwa kukusonyeza kuti moto ukufika m'makoyilo, mawaya okulungidwa a m'kati mwa mota. Chotsani pulagi pakhoma, mukankhe mapiko ndi chala. Akakhala olimba, kapena akangoyenda pang'ono n'kuima, ndiye kuti mabushi, momwe mumazungulira shafiti ya mota, auma. Akazungulira momasuka, iyatseni ndipo muwakankhe ndi kamtengo, osati chala. Ikanyamuka n'kumapita yokha, wafa ndi kapasita. Kameneka ndi kabokosi kakuda ka mawaya awiri kamene kamakhala pafupi ndi mota, ndipo pa mafani a patebulo kamalembedwa 1.5µF kapena 2µF nthawi zambiri. Tengani kakaleko popita kusitolo, mugule ka nambala yomweyo, ka 400V kapena 450V. Musalole kuti akuikireni kakakulu ati fani izithamanga kwambiri, mota imatentha. Mafani ena akale kwambiri alibe kapasita n'komwe, amenewo vuto lawo limakhala mafuta basi. Ndipo musaisiye ikung'ung'udza choncho kwa nthawi yaitali, makoyilo amapsa.

Pa mafuta m'pamene anthu ambiri amapha mafani awo. Mota ya mafani ambiri a patebulo siyendera mabeyaring'i ngati a njinga, shafiti yake imazungulira m'mabushi awiri amkuwa, ndipo bushi iliyonse yazunguliridwa ndi kansalu kofewa kamene kamasunga oyilo. Fumbi lathu la mu Seputembala likalowamo, oyilo wakale amasanduka phala. Masulani mota, mupukute shafiti ndi kansanza konyowetsa ndi parafini mpaka iwale, kenako mudonthetsere oyilo wa makina osokera pakansalu kaja mpaka kanyowe. Atelala aliyense ali naye. Mafuta ophikira ayi, chonde. Sabata yoyamba fani imayenda bwino, mwezi ukatha amamata ngati ulimbo, ndipo ndatsukapo mafani ambiri onunkha ngati chiwaya cha tchipisi. WD-40 ndi womasulira masikuluwu adzimbiri, koma sakhalitsa m'mabushi. Kabokosi ka magiya kumbuyo, kamene kamatembenuza mutu uku ndi uku, kamafuna girizi.

Fani imene yangoti zii osalira konse, yambani ndi fyuzi ya m'pulagi, waya ndi switchi. Zikakhala bwino, pali kafyuzi kena ka kutentha kobisika m'makoyilo, kameneko asinthe ndi wodziwa. Koma mukasuzumira n'kuona makoyilo ada bii, akununkha kupsa, imeneyo ndi yokakulunganso mawaya, ndipo mtengo mutsitse kwambiri.

Chimene sindinyengerera pa fani yachitsulo ndi waya wa earth, woteteza munthu ku shoko. Thupi lonse ndi chitsulo, ndiye waya wina akasupuka mkati, amene wagwira fani ndiye amalandira shoko. Waya wakale wouma, wong'aluka mukaupinda, chotsani wonse muike wa mitsempha itatu: wabulawuni ndi wamoto, wabuluu ndi nyutirolo, wobiriwira wa mizere yachikasu amangidwe pathupi la fani. Pa katundu wakale wa ku UK mupeza wofiira, wakuda ndi wobiriwira, motsatana momwemo. M'pulagi muike fyuzi ya 3A. Ngati pakhomo pali ana aang'ono, onaninso mipata ya khola lake. Mafani akale ali ndi mipata yoti dzanja la mwana limalowa, mapiko ali achitsulo. Ikani pamwamba kapena mukulunge ndi waya wa sefa. Dzimbiri ndi sandipepa ndi penti basi, koma mapiko musawapinde powongola, akangosiyana pang'ono fani imayamba kuvina patebulo.

Huvayo ndiye ndili nayo mafunso. Kusakoka nthawi zambiri si mota. Zulani payipi, muike chikhatho pabowo la huvayo ikulira. Ikakumatani mwamphamvu, payipi ndi imene yatsekeka kapena yabooka. Ponyanimo kamwala mbali imodzi muone ngati katulukire mbali inayo. M'payipi ina ndinatulutsamo sokosi ya mwana, ina chitsekerero cha botolo. Ikakhala yofooka ngakhale popanda payipi, onani thumba ndi fyuluta. Fyuluta ya siponji imachapika, koma iume tsiku lathunthu musanaibwezere. Mota ya huva zambiri imazizira ndi mphepo yomweyo imene ikukoka, ndiye fyuluta ikatsekeka mota imapsa. N'chifukwa chake phulusa la mbaula, simenti ndi ufa si zokoka ndi huva, ndipo madzi amakokedwa ndi yolembedwa wet and dry yokha.

Mvetseraninso kulira kwake. Mota imeneyi ili ndi mabulashi awiri a kaboni amene amatha ndi ntchito. Timoto tating'ono pamabulashi si vuto, ndipo atsopano amapezeka, ngakhale a giraindala amatha kupalidwa kuti akwane. Koma ikamathetheka moto wozungulira, ikulira mokhadzula, fungo lili la kupsa, isiyeni pomwepo. Funsaninso za matumba ake. Huva ina yabwinobwino imangokhala pakona chifukwa matumba ake sapezeka ngakhale ku Lilongwe. Atelala atha kusoka la nsalu yokhuthala, bola fyuluta ikhalepo.

Za mayunitsi muziganizirenso. Ku Ulaya anaika malire mu 2014 kuti huva zatsopano zisapitirire 1,600W, ndipo mu 2017 anatsitsa kufika pa 900W, choncho zakale zimene zimabwera kuno zambiri ndi zija zolusa, zina mpaka 2,000W. Ya 2,000W imadya mayunitsi awiri pa ola limodzi, pomwe fani ya 50W imatenga maola 20 kuti imalize yuniti imodzi. Ngati kwanu mumadalira sola ndi kainveta kakang'ono, fani iyenda, huva singayake.

Ine nditakhala inu, fani ndigula ngati kachitsulo kakuti 220-240V ndipo makoyilo sanapse. Huva ndigula pokhapokha ngati muli ndi kapeti, masofa ansalu kapena mukufuna kumatsuka magalimoto. Pansi pa simenti yopaka Cobra, tsache ndi mopu zimagwira ntchito mwachangu kuposa huva. Popita kumeneko tengani kamtengo ndi kamwala, mumuuze wogulitsa aziyatse kwa mphindi zisanu inu muli pomwepo, ndipo mujambule tizitsulo ta kunsito mutumize muno ndione.