Funsani: Agogo akangoti "zakale zimenezo", ndiyambire pati?

FUNSO: Bambo, chaka chabwino chatsopano. Ndimamvera podcast yanu ya mbiri za mabanja Lamlungu lililonse ndikamachapa. Agogo anga aakazi ali ku Dedza, zaka zawo zapitirira 80. Agogo aamuna anapita ku Wenela, kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, mayi anga ali kumsana, ndipo sanabwererenso. Ndikafunsa, agogo amangoti, "zakale zimenezo, mwanawe." Ndikufuna ana anga adzadziwe kumene tinachokera. Ndiyambire pati?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Chaka chabwino kwa inunso, achemwali. Ndisanayankhe, ndiloleni ndiyambe ndathokoza, inu pamodzi ndi anzanu onse omvera. Pa pulogalamu ija ine changa n'kugwira maikolofoni basi, nkhani zonse n'zanu. Chaka chathachi munanditumizira mauthenga a mawu pa WhatsApp kuchokera ku Mbare, ku Kitwe, ku Johannesburg, ena kumudzi komwe netiweki amachita kuikwerera pachulu. Ndikudziwa kuti ambiri mumagula bandulo ndi ndalama imene mukanagulira ndiwo. Mumandiuza za makolo anu zinthu zimene simunauzeko ngakhale aneba. Ulemu umenewu sindiutenga mopepuka. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni m'chaka chino.

Tsopano za agogo. Musawafikire foni ili m'manja ngati wapolisi wofufuza mlandu. Pitani mukagone masiku angapo. Pano ndi dzinja, akaweruka kopalira khalani nawo pakhonde, muziwathandiza kusadzula nkhwani. Manja akamagwira ntchito, pakamwa pamamasuka. Ndipo funsani zazing'ono. Anakumana kuti ndi agogo aamuna? Ankhoswe anali ndani? Tsiku lonyamuka anawaperekeza mpaka pati? Anatumizako bulangete, njinga, kalata? Amene ankawawerengera kalatayo anali ndani? Munthu amene wakana kukuuzani "mbiri" akhoza kutha ola lathunthu akufotokoza za bulangete limodzi, ndipo m'menemo mutuluka mayina a anthu ndi a midzi.

Chaka musawafunse, akulu ambiri sankasunga zaka. Afunseni zochitika. Pa njala ya 1949 anali msinkhu wanji? Amuna awo anachoka ufulu wa 1964 utabwera kale? Msonkho ankalipirabe mapaundi, kapena kwacha inali itayamba? Kwacha inabwera mu 1971. Chizindikiro china chachikulu ndi ngozi ya ndege ya ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu April 1974, imene inapha a Malawi oposa 70 ochokera kumigodi. Ngoziyo itachitika, Kamuzu analetsa kulemba anthu a Wenela. Amene anadzapita zaka zotsatira ankati apita ku Teba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela. Ndiye agogo akanena kuti inali Wenela yeniyeni, mwapeza kale malire a zaka.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Ngati kwanu n'kwa Achewa a chikamwini, agogo aamuna pamudzi panu anali mkamwini, mlendo. Mbiri yawo ili kwawo, kwa alongo awo ndi mbumba yawo. Munthu wa ku Joni akafuna kulemba kalata yovuta, nthawi zambiri ankalembera mlongo wake kapena atsibweni ake. Choncho funsani mudzi umene anachokera, mfumu yake, ndi mfunda wawo, kaya ndi a Phiri, a Banda, a Mwale kapena a Mbewe. Mukafika kumeneko, yambirani kwa nyakwawa, musalowe m'mudzi mwa eni osaodira.

Mapepala nawonso amathandiza. Mamishoni akale monga Nkhoma ndi Mua ankalemba maubatizo ndi maukwati m'mabuku, ndipo ku Zomba kuli National Archives. Koma yambani ndi sutikesi ya agogo. Chitupa chakale, khadi la ubatizo, envelopu yokhala ndi chidindo cha positi, zonsezi zijambuleni.

Chomaliza ndikunena mochokera pansi pa mtima. Mawu aja akuti "zakale zimenezo" mwina ndi bala. Amuna ena anatchona, n'kukwatira kwina, mkazi kuno akudikira ndi ana, anthu akumunena. Agogo akakhala chete, inunso khalani chete, mudzafunsenso mawa. Mukafuna kujambula mawu, pemphani kaye, ndipo zimene akuuzani musaziike pa Facebook abale asanavomere. Mukajambula, tumizani kwa abale awiri kapena atatu tsiku lomwelo, chifukwa foni imabedwa, imagweranso m'madzi.

Musadikire Khirisimasi ina, achemwali, pitani mwezi uno. Agogo akadzalola kuti ena amve, mundilembere, tidzaulutsa. Mwina ku Johannesburg kuli mdzukulu wina wa agogo aamuna amene amamveranso.