Ndinamutcha Lacie pagulu, tsopano sakundiyankha

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 33 wochokera ku Ntcheu, koma ndimakhala ku Johannesburg kumene ndimayendetsa galimoto yahayala, ya mtundu uja anthu amaitanitsa pa foni. Wokondedwa wanga amakhala ku Blantyre, amaphika makeke a maukwati, ndipo makasitomala ake ambiri amawapeza pa Facebook ndi pa Instagram. Chinkhoswe tinachita chaka chatha ndipo tsopano tikukonzekera ukwati woyera.

Vuto linayambira pa atsikana operekeza mkwatibwi. Poyamba anasankha mwana wa mayi ake aang'ono, amene anakulira naye nyumba imodzi, kuti ndiye adzawatsogolere, koma mwezi wathawu anamuchotsa n'kuikapo mtsikana wina wongodziwana naye posachedwapa, amene ali ndi omutsatira ambirimbiri pa Instagram. Nditamufunsa anandiuza mosabisa kuti mtsikanayo akadzaika zithunzi za ukwati wathu, keke idzaonedwa ndi anthu ochuluka ndipo bizinesi idzakula, pamene mng'ono wakeyo ndi wamanyazi. Ndamvanso kwa mlamu wanga kuti watenga ngongole ku banki m'khonde kuti alipire wojambula zithunzi wachiwiri, koma ine sanandiuze.

Masiku omwewo ndinaonera gawo la sewero la pa kanema la Black Mirror lotchedwa Nosedive, ndipo ndinaona ngati akunena za iyeyo. Tsiku lina pagulu la WhatsApp la komiti ya ukwati, iye akufunsa maganizo a anthu pa mtundu wa nsalu, ndinalemba kuti, "Kodi Lacie wathu wafika pa 4.5?" n'kuikapo chithunzi cha Lacieyo, mkazi wa m'sewerolo ali matope okhaokha. Ena anaseka. Iye anatuluka pagulupo ndipo foni yanga sakuyankha. Anzanga kuno akuti ku China anthu akukhala kale moyo wotere ndipo ifenso tikulowera komweko. Kodi ndinalakwa kunena zoona? Kodi ndiimitse ukwati, poti mwina ndikukwatira munthu wokhalira moyo malaiki?

Wothedwa nzeru,
Johannesburg

Achimwene a ku Joni,

Munalakwa, ndipo ndayamba ndi pamenepa chifukwa zina zonse zimene ndikuuzeni sizingatheke musanakonze ichi. Pagulu limene munalembapo pali alamu anu, anzake a kutchalitchi, mwinanso akuluakulu amene adzakhale kutsogolo pa tsiku la ukwati, ndipo pamaso pa onsewo munamuchititsa manyazi mkazi amene munapempha kwa makolo ake kudzera mwa ankhoswe. Nkhani ya mng'ono wake ndi ya ngongole ndi zoona ndithu, koma pagulupo simunatchule ngakhale imodzi mwa izo. Munangoponya chithunzi kuti anthu aseke, ndipo atasekadi mtima wanu unakhala pansi kwa kanthawi. Kumeneko n'kufuna malaiki komwe mukumudzudzula nako mnzanuyo.

Popeza mwatenga sewerolo kukhala mboni yanu, tiyeni tilione bwino, ndipo owerenga amene sanalionere apindule nawo. Black Mirror inayamba kuonetsedwa ku Britain pa Channel 4 mu 2011, mlembi wake wamkulu ndi Charlie Brooker, ndipo gawo la Nosedive linatuluka pa Netflix mu 2016. M'dziko la m'sewerolo munthu aliyense amapatsa mnzake nyenyezi, kuyambira imodzi kulekeza zisanu, akangolankhulana naye kapena akaona zimene waika pa intaneti, ndipo nambala ya aliyense imaonekera kwa onse omuyang'ana. Lacie, amene anaseweredwa ndi Bryce Dallas Howard, ali pa 4.2, ndipo amaima pagalasi kuphunzira kuseka mokoma. Koma chimene chimamuthamangitsa ndi nyumba. Akufuna kukakhala pamalo otchedwa Pelican Cove, lendi yake sangaikwanitse, ndipo amuuza kuti amene wafika pa 4.5 amamuchotserako 20 pa 100 iliyonse. Kuntchito kwake mnzake wina amene nambala yake yatsika pansi pa 2.5 chitseko cha ofesi sichimutsegukiranso. Mayi woyendetsa thiraki amene amamutola Lacie panjira, dzina lake Susan, amafotokoza kuti mwamuna wake atadwala khansa, mwayi wa chithandizo unaperekedwa kwa munthu wa 4.4 chifukwa iye anali wa 4.3, ndipo anamwalira.

Mukaona zimenezi mudzazindikira kuti sewerolo silikuseka mkazi wokonda kudzionetsa. Likuonetsa dziko limene nambala imagula denga, ntchito, mpando wa m'ndege ndi bedi la kuchipatala, moti munthu wanzeru zake amakakamizika kumwetulira ngakhale mtima ukuwawa. Lacie ndi munthu wamantha, ndipo mantha akewo ali ndi chifukwa.

Tsopano ndikufunseni, achimwene, chifukwa mwandiuza nokha ntchito yanu. Munthu akatsika m'galimoto yanu, amakupatsani nyenyezi zingati, ndipo mumaziyang'ana kangati pa tsiku? Mukanyamula munthu wamwano, amene wakuchedwetsani pageti n'kukulankhulani ngati wantchito wake, mumamuyankha zimene zili kumtima, kapena mumamufunira tsiku labwino chifukwa mukudziwa kuti nambala yanu ikatsika kwambiri ntchito ikhoza kukutherani? Sindikukunenani, popeza umo ndi mmene ntchito imeneyo ilili, ndipo ndalama zimene mumatumiza kumudzi zimachokera m'kumwetulira komweko. Koma pa anthu awiri inu, amene moyo wake wafanana kwambiri ndi wa Lacie ndinu. Mnzanu naye ali m'goli lomwelo: wophika makeke amene chithunzi chake sichikuonedwa sapeza oda, ndipo akamawerenga malaiki usiku amakhala akuwerenga ndalama za ufa, shuga ndi lendi ya mwezi wamawa. Munayenera kukhala woyamba kumumvetsa pa ichi.

Pamene mnzanu walakwa zenizeni ndi pena, ndipo pamenepo m'sewerolo amafanana ndi Naomi, mnzake wa Lacie wa paubwana, mkwatibwi amene nambala yake ndi 4.8. Naomi anaitana Lacie kuti adzatsogolere atsikana omuperekeza, osati chifukwa chomukonda, koma chifukwa anawerengetsa kuti mnzake wa paubwana akadzalankhula mogwira mtima, alendo adzapereka nyenyezi zambiri. Nambala ya Lacie itagwa ali paulendo, Naomi anamuimbira foni kumuuza kuti asabwerenso. Kuika munthu pamalo aulemu chifukwa cha phindu limene angabweretse, n'kumuchotsa phindulo likachepa, ndi chimene wokondedwa wanu wamuchita mng'ono wake. Mtsikana amene anagona naye mphasa imodzi wauzidwa kuti nkhope yake ndi manyazi ake sizingagulitse keke. Ukwati udzatha tsiku limodzi, zithunzi anthu adzazidutsa m'sabata yomweyo, koma mayi aang'ono aja adzakhalapo pa chikuta cha mwana wanu woyamba, pa matenda ndi pa maliro, ndipo iwo sadzaiwala. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma sananene kuti sichithyoka.

Ndisanapitirire, za China zimene anzanu akukuuzani n'zokokomeza. N'zoona kuti mu 2014 boma la China linalengeza ndondomeko yoyeza kukhulupirika kwa anthu ndi makampani, ndipo n'zoonanso kuti anthu amene akana kulipira ngongole khoti litagamula amaikidwa pamndandanda umene umawaletsa kugula matikiti a ndege ndi a sitima zothamanga kwambiri. Koma kulibe nambala imodzi ya nzika iliyonse imene anansi ndi odutsa panjira amaikweza kapena kuitsitsa ndi foni monga m'sewerolo. Musaope za kutali. Batani la laiki linafika pa Facebook mu 2009, pamene funso lakuti "anthu ati chiyani" linali litatilamulira kale kuyambira makolo athu. Pa perekani-perekani woyendetsa mwambo amaitana akuchimuna ndi akuchikazi payekhapayekha, holo yonse ikuyang'ana amene waponya zambiri, ndipo alipo anthu amene amakongola ndalama kuti akaziwaze pamenepo dzina lawo lisanyozeke. Wokondedwa wanu sanaphunzire mantha amenewa pa Instagram pokha. Foni yangochulukitsa owonerera n'kuwapatsa nambala yowerengeka.

Chinanso chimene munachidumpha m'sewerolo ndi chakuti munthu woyamba kumuuza Lacie zoona anali mlongo wake Ryan, amene ankakhala naye nyumba imodzi. Zimene ananena zinali zolondola, koma anazinena monyoza, anakangana, ndipo Lacie anatuluka m'nyumbamo ali wouma mtima kuposa kale. Amene anamufika pamtima anali Susan, amene anayamba wamukweza m'thiraki usiku pamene ena onse ankamudutsa, kenako n'kumuuza za moyo wake womwe. Inu mwasankha njira ya Ryan, ndiye musadabwe kuti foni sikuyankhidwa.

Chochita choyamba ndi kupepesa pamalo pomwe munalakwira. Lembani pagulu la komiti lija mawu achidule, opanda nthabwala ndi opanda "koma", onena kuti munamunyoza mnzanu pamaso pawo ndipo simunayenere kutero. Mukatero musamusautse ndi mafoni motsatizana. Mutumizireni uthenga umodzi womuuza kuti mwapepesa pagulu ndipo mukufuna kulankhula naye pamene iye wakonzeka. Ngati padutsa masiku osayankha, uzani nkhoswe yanu ilankhule ndi nkhoswe ya kuchikazi, chifukwa ntchito ya ankhoswe inayamba tsiku la chinkhoswe, siyembekezera ukwati woyera. Muwauze zonse, kuphatikizapo chithunzi cha matope chija, asakazimvere kwa ena.

Mukayamba kulankhulana, musaunjike nkhani zonse pamodzi ngati mlandu umodzi wa "kukonda malaiki", chifukwa akatero adzateteza bizinesi yake ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka. Za zithunzi ndi malonda muvomerezeni. Ukwati wa wophika makeke ndi mwayi weniweni woonetsa luso lake, ndipo palibe tchimo pamenepo. Mtsikana wa omutsatira ambiriyo akhoza kuitanidwa ngati mlendo, akhoza kupatsidwa malo abwino pafupi ndi keke, akhozanso kulipidwa monga wotsatsa malonda ngati ndalama zilipo, zonsezi popanda kulanda malo a mng'ono wa mkwatibwi. Muuzeni mnzanu kuti apite yekha kwa mayi ake aang'ono, osati pa foni, akapepese ndi kumubwezera mtsikanayo malo ake ngati angavomere. Mwina adzakana, ndipo ali ndi ufulu wokana, koma ulendowo uyendedwe ndithu. Inu musalowerere kukalankhula ndi mng'onoyo mwamseri, chifukwa mukatero mudzaoneka ngati mukusonkhanitsa anthu oti amuukire.

Nkhani imene ikundidetsa nkhawa kuposa zonse ndi ngongole, ngakhale inu mwaitchula mongodutsa. Ndalama za banki m'khonde zimabwezedwa ndi chiwongoladzanja m'nthawi yochepa, ndipo amene amadzazifuna ndi amayi odziwana naye, amene amadziwa pakhomo pake ndi katundu wake. Ngongole imeneyi idzalowa nanu m'banja, ndipo ngati yabisidwa lero pa wojambula zithunzi, mawa ikhoza kubisidwa pa zazikulu. Mufunseni modekha kuti anatenga zingati, adzabweza zingati, ndipo liti. Musanamufunse, yambani ndinu kumuuza zimene mumapeza pa mwezi, zimene mumatumiza ku Ntcheu, ndi ngongole zanu ngati muli nazo, popeza amuna ambiri a ku Joni akazi awo sadziwa ngakhale lendi imene amalipira. Kenako gwirizanani malire a ndalama zimene wina sangakongole kapena kuwononga mnzake asakudziwa, ndipo zimenezi ankhoswe azimve.

Pa funso lanu lomaliza, sindikukulangizani kuimitsa ukwati chifukwa chakuti mkazi amakonda zithunzi kapena amawerenga malaiki. Koma pali zinthu ziwiri zimene muziyang'anitsitsa m'masabata akubwerawa. Ngati, inu mutapepesa moona mtima, iye akukanabe kutchula kuchuluka kwa ngongoleyo, kapena akunena kuti palibe chimene wamulakwira mng'ono wake, pemphani ankhoswe a mbali zonse akhale pansi, ndipo tsiku la ukwati lisunthidwe kufikira nkhani ziwirizi zitatha, ngakhale holo italipiridwa kale ndi makadi atagawidwa. Naye ali ndi choyang'ana mwa inu, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chimene akuchiganizira panopa ali chete: ngati mwamuna amene wamuseketsa kwa komiti asanamukwatire sadzachitanso chimodzimodzi kwa anzake a ku Joni atamukwatira. Yankho la funso limenelo ayamba kuliona mu uthenga umene mulembe pagulu lija, ndiye ulembeni lero, musanagone.

Azakhali