Kuoda kunja zipangizo zomangira timapiri ndi tinyumba ta masewera a nkhondo

Achimwene, mwalemba kuti inu ndi anzanu ku Kapata mu Chipata mumachita masewera a nkhondo a pa tebulo, aja oyendetsa tiasilikali ta pulasitiki totalika mamilimita 28, ndipo mukufunsa mmene munthu angaodere kunja zipangizo zomangira timapiri, timitsinje ndi tinyumba togumuka, kuti mwina muzigulitsako kwa ena. Ndikuyankhani monga munthu amene amadutsa pa Mwami, boda ya Zambia ndi Malawi, ndi katundu wa m'masitolo a zolembera ndi zojambulira.

Choyamba kudziwa n'chakuti pa malonda athu katundu woipa ndi uja wopepuka koma wodzaza malo. Kondakitala sayesa katoni pa sikelo, amangoiyang'ana kukula kwake n'kutchula mtengo, ndipo amene amatumiza katundu pa sitima ya pamadzi kuchokera ku China kudzera ku Dar es Salaam nawonso amalipiritsa potengera malo amene katunduyo watenga. Zinthu zomangira mapiri zili m'gulu limeneli. Mapepala okhuthala a thovu louma, aja a buluu kapena a pinki amene omanga nyumba amatchingira kutentha, ndiwo amasemeka bwino ndi mpeni wakuthwa moti miyala ndi njerwa zimaoneka zenizeni, koma mukawanyamula ulendo wa makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka, mtengo wonyamulira ukhoza kufanana ndi wogulira, ndipo m'makona amafika atabenthuka. Pamenepa ine ndimati pitani kwa ogulitsa mafiriji ndi ma TV ku Down Shops mukapemphe makatoni ndi kaylite, thovu louma loyera lotetezera katundu, imene amataya. Ili ndi timibulu timene timayoyoka podula, koma mukaimata ndi mapepala onyika mu guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi, n'kuwaza mchenga wosefa pamwamba, phiri limalimba ndithu. Utuchi wonyika mu penti wobiriwira n'kuuyanika umasanduka udzu, chingwe cha khonje chopotolola chimafolera tinyumba, ndipo timitengo ta machesi ndi nsungwi zong'amba zimamanga mipanda ndi milatho. Zonsezi palibe chifukwa choziwolotsera malire.

Choyenera kuoda ndi chaching'ono, chodula, chosapezeka kuno: timabotolo ta penti wa acrylic, maburashi osongoka, timipeni todulira mapepala ndi malezala ake osinthira, timitengo topyapyala ta balsa (mtengo wopepuka kwambiri), ndi udzu wopanga wa m'timapaketi. Zimenezi zimakwana m'chikwama chimodzi chonyamula pamiyendo m'basi.

Tsopano za pa boda, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalowera m'madzi. Kuyambira mu December 2022, pamene apulezidenti Hakainde Hichilema wa Zambia ndi Lazarus Chakwera, amene anali wa Malawi nthawi imeneyo, anatsegula malo amodzi ochitira zonse pa Mwami ndi Mchinji, munthu amaima kamodzi kokha, ndipo a ZRA ndi a MRA, okhometsa misonkho a Zambia ndi Malawi, amamuthandizira m'nyumba imodzi. Palinso dongosolo la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, lothandiza amalonda ang'onoang'ono lotchedwa STR, limene limalola katundu wosapitirira madola 2,000 kulowa ndi mapepala ochepa komanso popanda msonkho wa kasitomu. Anthu akamva zimenezi amaganiza kuti chilichonse chogula ku Lilongwe chimalowa ulere. Si choncho ayi. Dongosololi limayang'ana kumene chinthu chinapangidwa, osati kumene mwachigula, ndiponso chinthucho chiyenera kukhala pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana. Burashi yolembedwa kuti inapangidwa ku China ndi ya ku China basi, ngakhale mutaigula mu Area 2 ku Lilongwe, ndipo idzalipira msonkho wa kasitomu umene pa katundu womalizidwa kupanga nthawi zambiri umakhala 25 peresenti, kenako VAT, msonkho wa pa zogula, ya 16 peresenti pamwamba pake. Ngakhale katundu wolowa pa STR, VAT imalipiridwabe. Musanagule chilichonse, fikani pa desiki yothandiza amalonda ang'onoang'ono pa bodapo, kapena kwa a bungwe la Cross Border Traders Association, muwauze dzina la chinthu chilichonse kuti akuuzeni gulu lake.

Malisiti muzisunga ngati ndalama. Ofisala akatsegula chikwama n'kupeza timabotolo makumi awiri topanda lisiti, amaika mtengo umene iye akuona kuti ndi woyenera, ndipo inu mulibe chotsutsira. Za njira zam'tchire zimene anyamata a njinga adzakunong'onezani, zikaneni; katundu akagwidwa amalandidwa, chindapusa pamwamba.

Pali zinthu ziwiri zimene sindinyamula. Penti wopopera wa m'zitini amakanidwa pa ndege chifukwa ndi woyaka, ndipo m'buti ya basi yotentha mwezi wa October si wosewera naye. Kuwonjezera apo mankhwala ake amasungunula kaylite, moti phiri limene mwasema sabata yonse limabooka maenje mukuona. Chachiwiri ndi ndere zouma ndi makungwa zimene masitolo akunja amagulitsa zopangira tizitsamba. Zimenezo ndi zomera, ndipo a zaulimi pa boda ali ndi mphamvu yofunsa chikalata chosonyeza kuti zilibe matenda. Siponji yakale ya matiresi yonyenyanyenya n'kuinyika mu penti imagwira ntchito yomweyo popanda kufunsidwa ndi munthu.

Musaganizenso kuti ku Lilongwe n'kotchipa nthawi zonse chifukwa choti n'kufupi. Kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zikamasowa kumeneko, katundu wochokera kunja amakwera mtengo msanga kapena kusowa m'mashelefu. Muziyerekeza ndi mitengo ya ku Kamwala ku Lusaka, kumene katundu analipira kale msonkho polowa m'dziko, musanasinthe ndalama zanu.

Pa zogulitsa, ndikuuzeni chilungamo: osewera masewera anuwa mu Chipata ndi ochepa, ndipo sangathe katoni ya penti asanaume m'mabotolo. Amene adzakuguleni kawirikawiri ndi aphunzitsi ndi ana asukulu opanga ntchito zoonetsa, ojambula zithunzi, ndi amayi okongoletsa maukwati. Choncho pa ulendo woyamba odani mitundu imene onsewa amafuna, yoyera, yakuda, yofiira, yachikasu ndi ya buluu, popeza yofiirira ya dothi ndi yobiriwira ya tchire mukhoza kusakaniza nokha. Udzu wa m'timapaketi ndi balsa muziodera munthu amene walipiriratu theka la mtengo wake.